Kusambira kwa Chembe: Dzana ndi Lero

Ambiri mwa ife amene tinakulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi sitikumbukira tsiku limene tinaphunzira kusambira. Mwana ankatsatira amayi ake kudooko kukatsuka mbale, ndipo pofika zaka zoyamba sukulu amakhala akudziwa kale kudumphira m'madzi kuchokera pabwato. Kusambira kongosangalala, kolipira malo ogona, kunadza ndi alendo.

Mbiri ya alendowa imaonekera bwino kwa Chembe, m'boma la Mangochi, malo amene David Livingstone anawatcha Cape Maclear. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi wa iwo Robert Laws, anamanga Livingstonia yoyamba pamenepa. Gombe linawakopa, koma malungo anawagonjetsa, mwakuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe n'kusiya manda a anzawo. Mu 1949 ndi 1950 ndege za BOAC zotera pamadzi zinkaima pompo paulendo wa pakati pa Britain ndi South Africa. Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo UNESCO inaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha timbuna tamawangamawanga tija.

Nthawi yonseyi mabuku a alendo ankatama nyanjayi kuti ilibe likodzo, nthenda imene tinkaidziwa ngati ya m'madambo ndi m'zithaphwi. Mbiri yabwinoyi inagwedezeka mu 1992, pamene anthu awiri a Peace Corps amene anasambirapo kwa Chembe anadwala likodzo lofika mu ubongo ndi mu msana. Kafukufuku wotsatira anapeza kuti mwa alendo okhala m'Malawi amene anayezedwa, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali atalitengapo.

Kodi chinasintha n'chiyani? Tizilombo ta likodzo timafika m'madzi ndi mkodzo wa wodwala, timakulira mu nkhono, kenako timalowa pakhungu la wosambira. Jay Stauffer ndi akatswiri anzake anasonyeza kuti nsomba zodya nkhono zinachepa kwambiri m'madzi osaya, ndipo nkhono za pamchenga zinaswana mopanda woziletsa. Makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhalenso masikito osandutsidwa ukonde, anakokolola alonda a gombe. Sitinganyoze msodzi amene akusaka ndiwo za ana ake, komabe amene amavutika koposa ndi ana a m'mudzi omwewo, osati mlendo wa masiku atatu.

Nkhaniyi ikutikhudza ife amene timapita kumudzi pa Khirisimasi ndi ana obadwira ku Leeds kapena ku Johannesburg. Sitikuti tiwamane nyanja ya makolo awo. Koma likodzo limatha kukhala m'thupi mwakachetechete, ndipo dokotala wa kunja kuno sangaliganizire ngati sitimuuza kumene tinasambira. Pakatha miyezi itatu chibwerereni, tipemphe kuyezedwa. Mankhwala ake, praziquantel, amamwedwa tsiku limodzi lokha.