Ulendo wa jakisoni wa dzanzi, kuchokera m'diso kufika pamimba

Pa 25 December 1809, mayi Jane Todd Crawford anagonekedwa patebulo m'nyumba ya dotolo Ephraim McDowell ku Danville, m'chigawo cha Kentucky ku America. McDowell anawang'amba pamimba n'kuchotsa chotupa cholemera makilogalamu 10, mayiwo ali maso, akuimba nyimbo za kutchalitchi kuti alimbe mtima. Anachira ndithu, n'kukhalanso ndi moyo zaka zoposa 30.

Mankhwala ogonetsa atabwera mu 1846, odwala analeka kumva mpeni. Koma munthu akadzuka, bala limakhala likumudikira. Kwa nthawi yaitali chothandizira chinali morphine, amene amapha ululu koma kusiyira wodwala nseru, kusanza, tulo ndi kudzimbidwa. Mayi wochotsedwa chiberekero amafunika kudzuka msanga n'kuyendayenda kuti magazi asaundane m'miyendo, ndiye angayende bwanji akusinza?

Njira ina inayambira m'diso. Mu 1884 Carl Koller wa ku Vienna anadontheza cocaine m'diso n'kupeza kuti lachita dzanzi. Miyezi ingapo itapita, William Halsted ku New York anayamba kubaya mankhwalawo pafupi ndi mtsempha wotumiza uthenga wa ululu ku ubongo, ndipo dera lonse lodalira mtsemphawo linkachita dzanzi. Poyeserera pathupi lake, Halsted anakodwa m'chizolowezi cha cocaine. Mu 1898 August Bier wa ku Kiel anabaya cocaine pamsana pa odwala, kenako iye ndi womuthandiza wake Hildebrandt anayeserana okhaokha. Hildebrandt anamenyedwa hamala pamsongolo osamva kanthu, koma onse awiri mutu unawawawa masiku angapo. Jakisoni wa pamsana amene amayi amalandira m'zipatala zathu pobereka mwa opaleshoni anachokera kumeneko.

Cocaine analowedwa m'malo ndi procaine mu 1905, kenako lidocaine amene anapangidwa ku Stockholm mu 1943, ndi bupivacaine amene dzanzi lake limakhala maola ambiri.

Chodabwitsa n'chakuti khoma la mimba, pamene mpeni umadutsa, linachedwa kupeza njira yake yodalirika. M'mbali mwa mimba muli minofu itatu yosanjikizana, ndipo mitsempha ya ululu imayenda pakati pa wachiwiri ndi wachitatu. Mu 2001 dotolo Rafi wa ku Ireland analemba kuti mankhwala akathiridwa mumpata umenewo, amayenderera n'kufikira mitsempha ingapo nthawi imodzi. Singano ankailowetsa pamwamba pa fupa la m'chiuno, n'kumamvera ndi dzanja pamene yaboola. Kunali kufufuza mumdima: singano ikapitirira pang'ono, ili m'matumbo kapena m'chiwindi.

Mu 2007 Peter Hebbard ndi anzake ku Australia anasonyeza kabayidwe kogwiritsa ntchito sikani, yonga imene amaunikira amayi oyembekezera. Tsopano wobaya amaona minofu itatu ija, nsonga ya singano, ndi mankhwala akutsegula mpata. Njirayi imatchedwa TAP block.

Ena anaitamanda mopitirira. Jakisoniyu amaziziritsa khungu ndi minofu, koma ululu wochokera mkati, pamene panali chiberekero, sautha. Kafukufuku anasonyezanso kuti mayi amene walandira kale morphine wa pamsana sapindula kwambiri akawonjezeredwa TAP. N'chifukwa chake madotolo akuyesa kubaya chakumbuyo, pafupi ndi mnofu wa quadratus lumborum, monga anayambira Rafael Blanco mu 2007, poganiza kuti mankhwala angafike pafupi ndi msana. Ngakhale kumeneko, wodwala amapatsidwabe paracetamol ndi mankhwala ena ochepetsa kutupa, ndipo morphine amakhala pafupi podikira kuti dzanzi likatha, kawirikawiri tsiku lisanathe, ululu usamudzidzimutse.