Ndalama ya mudzi ikatsala, bwalo ndilo linkagamula

Ana anga, inu amene mumadutsa pa Mdeka pa minibasi mukuthamangira ku Zalewa kapena ku Lunzu, mumangoona magolosale ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu, koma dziko lino la Gogo Chalo Chigaru linali ndi malongosoledwe ake. Khalani pansi ndikuuzeni mmene makolo anu ankachitira ndalama ya mudzi ikatsala.

Tisanayambe kugwira kwacha ndi tambala mu 1971, tinkawerenga mapaundi, mashereni, masikisi ndi matiki, kudzanso peni ija yachiboo pakati ya nthawi ya Chitaganya, imene amayi ankaitunga m'kachingwe kuopa kutaya. Ndalama inali yosowa. Inkabwera ndi thonje, kapena ndi anyamata obwerera ku Joni pa Wenela, ena ku Halale, atanyamula bokosi lachitsulo ndi bulangete. Tsono mudzi ukasonkha, kaya za maliro, kaya zogulira malata a sukulu imene njerwa zake tinaumba tokha, pakatsala kangachepe, sinali nkhani yonong'onezana kuseri kwa nkhokwe ayi.

Anyakwawa ankatuma mnyamata madzulo kuti afuule khomo ndi khomo: "Mawa kubwalo!" Nthawi yake inali chilimwe, tikatha kututa mapira ndi nandolo, dzuwa la kuno likuswa mtengo. Abambo ankakhala pazipika pansi pa mlambe, amayi pamphasa atawongola miyendo, Amang'anja, Ayao, Angoni ndi Alomwe, akutchalitchi ndi akumzikiti, onse pamodzi. Msungichuma ankabwera ndi chitini, n'kukhuthula makobidi onse m'lichero, n'kumawerenga mokweza, aphunzitsi akulemba m'kope. Tiki imodzi ikagubuduka n'kugwa m'fumbi, kuwerenga kunkaima mpaka ana aipeze.

Ndiye mkangano unkayamba. Anyamata ankati tiphe mbuzi, amayi afulule masese, ng'oma ilire, pakuti thukuta linali lathu. Akamwini ankayamba atsokomola, n'kulankhula mosamala, podziwa kuti mudzi ndi wa mbumba. Amayi, amene ankalawira nkhuku zisanatsike kukafukula mchenga mumtsinje wa Lirangwe kuti apeze madzi a mtsuko umodzi, ankati chitsime, basi chitsime. Ena ankakumbutsa za machira, chifukwa wodwala tinkamunyamula paphewa usiku, afisi akulira kutchire, amuna akusinthana mtengo osaima panjira.

Koma agogo akaimirira, atatsamira ndodo, bwalo lonse linkati zii. Iwo ankangotchula chaka chimodzi, 1949. Mvula inadula mbewu zili zanthete, ndipo boma la Blantyre, makamaka chigawo chathu chino cha Lunzu ndi Lirangwe, linaona zakuda. Anthu anadya gaga, mizu ya kutchire ndi malambe osungunula m'madzi. Amuna anawoloka Shire, kuopa ng'ona kutawachokera, kukasuma ku Neno, ku Mwanza ndi ku Ntcheu, ndipo ena sanabwererenso kwa akazi awo. Boma la atsamunda linatsegula malo ogawirako chakudya, koma ofooka ena anatsala panjira. Agogo akafika pamenepo ankangoti, "Ndidyeretu, chire anasowa mbewu," n'kukhala pansi.

Kukweza manja kuti tione ambiri ndi ati kunalibe. Nkhani inkazungulira mpaka ong'ung'udza atatha, ngakhale dzuwa lipendeke, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Amfumu ankalankhula pomaliza penipeni, ndipo sankabwera ndi maganizo awoawo, ankangomanga mtolo wa zimene anthu anena. Kawirikawiri gawo lalikulu linkagula chimanga kapena mapira oika m'nkhokwe yosungira amasiye, nkhalamba ndi maliro a mwadzidzidzi, poti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Lina linkagula thumba la simenti lomangira pakamwa pa chitsime kuti mbuzi ndi ana asagweremo. Kotsalako kankagula chimera cha thobwa, kuti anyamata aja asapite kwawo atatupa masaya. Makolo ankadziwa kuti munthu ukammana zonse lero, mawa sadzasonkhanso.

Chitini chija sichinkagona kwa amfumu. Chinkasungidwa ndi munthu wina, kope ndi wina, ndipo potsegula pankafunika mboni. Sikuti ankakayikirana, koma ankadziwa kuti njala ilibe m'bale.

Lero muli ndi makomiti a chitukuko, makomiti a mjigo ndi banki mkhonde, ndipo ndalama zina zimayenda pafoni osazigwira n'komwe. Zonsezo n'zabwino, ana anga. Koma chaka chikatha, m'bokosi mukatsala kanthu, itanani mudzi wonse, werengani mokweza pamaso pa anthu, mverani amayi otunga madzi ndi nkhalamba zimene zinaona njala, kenako mugamule. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.