Pamene Chingerezi Chinali Chinenero cha Anthu Wamba

Ambirife timayesa kuti Chingerezi chakhala chinenero chaulemu kuyambira kale, koma mbiri ikutiuza zina. M'chaka cha 1066, William wa ku Normandy anagonjetsa dziko la England pa nkhondo ya ku Hastings. Kuyambira pamenepo mafumu ndi nduna zawo ankalankhula Chifalansa, ansembe ankapemphera m'Chilatini, ndipo Chingerezi chinatsala m'kamwa mwa alimi ndi abusa a nkhosa. Panapita zaka pafupifupi 300 kufikira 1362, pamene lamulo linagamula kuti milandu izizengedwa m'Chingerezi.

Nanga munthu wosadziwa Chilatini ankawamva bwanji Malemba? Mumzinda wa York, pofika 1376, magulu a amisiri ankachita masewero a nkhani za m'Baibulo pa ngolo zokokedwa m'misewu. Okhoma zombo ankaonetsa kumangidwa kwa chingalawa cha Nowa, ndipo ophika buledi ankaonetsa Mgonero wa Ambuye. Nayenso mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, analemba ndakatulo zake m'chinenero chomwecho.

Koma John Wycliffe, mphunzitsi wa ku Oxford, ankaphunzitsa kuti Malemba ndiwo ulamuliro woposa wina uliwonse mu mpingo. Otsatira ake anamasulira Baibulo lonse kuchokera m'Chilatini, nalikopera pamanja, pakuti makina osindikizira kunalibe. Iye anamwalira mu 1384. Mu 1409 Arkibishopu Thomas Arundel analetsa kumasulira Malemba popanda chilolezo cha bishopu, ndipo mu 1428 mafupa a Wycliffe anafukulidwa ndi kutenthedwa, phulusa lake nalitaya mumtsinje wa Swift. Komabe mabuku ambiri olembedwa pamanjawo alipobe kufikira lero.

Ifenso tsiku lathu linafika mu 1922, pamene Buku Lopatulika linatuluka, ntchito ya William Murray ndi anzake pamodzi ndi aphunzitsi a kwathu konkuno. Tsono abale ndi alongo amene mukutimvera ku Mbezi, mumzinda wa Dar es Salaam, ana anu akukula ndi Chiswahili, ndipo kusukulu akulimbana ndi Chingerezi. Zonsezo nzabwino ndithu. Koma ngati Chichewa sichimveka pakhomo, mawa adzalephera kupemphera pamodzi ndi agogo awo ku Nkhotakota kapena ku Chipata. Madzulo ano, mutsegule Buku Lopatulika ndi kuwawerengera salimo limodzi. Ambuye akudalitseni.