Kuterereka kwa klatchi

Timati munthu waterereka phazi likalephera kugwira nthaka. Makaniko akamati klatchi ikuterereka amatanthauza zomwezo: mbale yake yaperepeseka, sikugwiranso zolimba chitsulo chozungulira cha injini chotchedwa flywheel, ndiye mphamvu ya injini ikutayikira panjira isanafike kumatayala.

Mukamagula galimoto yothamanga yogwiritsidwapo kale ntchito, monga Mazda MX-5, iyeseni pamtunda. Ikani giya 4, muyende pang'onopang'ono, kenaka pondani mafuta mwamphamvu. Injini ikalira, singano yake n'kukwera koma liwiro osasintha, ndiko kutererekako. Nthawi zina mumamva ndi fungo lopserera.

Galimoto zotere eni ake amakonda kuzinyamula mwaukali, klatchi n'kutha msanga. Koma makaniko aonenso ngati oilo sakudonthera pambalepo, chifukwa mbale yatsopano nayo idzaterereka ikanyowa.