Wantchito Wotchedwa Mwini Bizinesi: Mbiri ya Mlandu wa Madalaivala a Uber

Pa 19 February 2021, bwalo la milandu lalikulu kuposa onse ku Britain, la Supreme Court, linagamula mlandu umene unayenda m'makhoti kwa zaka zingapo. Funso linali lakuti: kodi munthu wonyamula anthu pa galimoto kudzera pa pulogalamu ya pafoni ya Uber ndi wantchito wa kampaniyo, kapena ndi mwini bizinesi wodziimira payekha? Pa yankho la funsoli panadalira chakudya cha mabanja ambirimbiri. Ku Britain, wantchito ali ndi ufulu wolandira malipiro osachepera mlingo umene boma linaika, komanso tchuthi cholipidwa. Wodziimira payekha alibe zonsezi, ndipo tsiku limene wadwala kapena wasowa makasitomala amabwerera kunyumba chimanjamanja.

Mkangano umenewu ndi wakale kuposa mafoni a m'manja. Mu 1967 khoti la ku England linaweruza nkhani ya kampani ya Ready Mixed Concrete ndi dalaivala wake, Thomas Latimer, amene ankanyamula konkire. Lole imene ankayendetsa anaigula pa ngongole, anaipaka utoto wa kampaniyo, ankavala yunifolomu yake ndi kumvera malamulo ake. Komabe woweruza MacKenna anagamula kuti Latimer sanali wolembedwa ntchito, poti loleyo inali yake ndipo phindu kapena kuluza zinali pamutu pake. Olemba ntchito ambiri anatolapo phunziro: munthu ukamugulitsa chida chogwirira ntchito ndi kumusenzetsa chiopsezo cha malonda, ukhoza kumulamulira tsiku lonse popanda kumutcha wantchito wako.

Zinthu zinatembenuka mu 2011 pa mlandu wa kampani ya Autoclenz. Anthu 20 otsuka magalimoto anasainitsidwa mapepala onena kuti iwo ndi odziimira paokha, kuti akhoza kukana ntchito, ndi kuti akhoza kutumiza munthu wina m'malo mwawo. Zochitika zenizeni zinali zosiyana, pakuti ankayenera kufika tsiku ndi tsiku ndi kugwira ntchito monga anauzidwira. Supreme Court inati woweruza asathere pa mawu a papepala, afufuze pangano lenileni la anthuwo, pokumbukira kuti wofuna ntchito alibe mphamvu yotsutsa zimene wolemba ntchito wamuikira patsogolo kuti asaine.

Uber, imene inayambira ku San Francisco mu 2009, inafika ku London mu 2012. Kampaniyi inkanena kuti siinyamula munthu aliyense, ntchito yake ndi kungolumikiza dalaivala ndi wokwera, ndipo pangano la ulendo lili pakati pa awiriwo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: madalaivala ena, motsogozedwa ndi Yaseen Aslam ndi James Farrar, anakadandaula ku khoti la za ntchito. Mu October 2016 khotilo linagwirizana nawo. Pa nthawiyo ku London kunali madalaivala a Uber pafupifupi 30,000, ndipo oweruza anaona kuti n'zosamveka kunena kuti onsewo anali timabizinesi 30,000 tongokumana pa foni. Uber inachita apilo ndipo inagonja mu November 2017, inagonjanso mu December 2018, kufikira nkhaniyo inakafika ku Supreme Court.

Chigamulo chomaliza, chimene analemba Lord Leggatt ndipo oweruza anzake onse anachivomereza, chinatsamira pa mfundo zisanu. Mtengo wa ulendo inkaika ndi Uber, ndipo dalaivala sankaloledwa kulipiritsa kuposa pamenepo. Mawu a pangano inkalemba ndi Uber yokha. Dalaivala akakana kapena kuthetsa maulendo ambiri, pulogalamuyo inkamutsekera kunja kwa mphindi khumi. Okwera ankapereka mamalikisi kwa dalaivala, ndipo amene mamalikisi ake atsika ankachenjezedwa, mwinanso kuchotsedwa. Pomaliza, Uber inkatchinga kuti dalaivala ndi wokwera asadziwane kupitirira ulendo umodziwo. Munthu wotere, linatero khoti, sangakuze malonda ake ndi luso kapena nzeru zake. Njira yokha yoonjezera ndalama ndi kuonjezera maola. Khoti linagamulanso kuti nthawi ya ntchito imayamba pamene dalaivala watsegula pulogalamuyo m'dera limene amaloledwa kugwiramo, ali wokonzeka kulandira ulendo, ngakhale wokwera asanapezeke.

Wophunzira Fiqh akamva mfundo zimenezi sazipeza zachilendo. M'mabuku athu, pa khomo la ijara, ma Ulama anagawa aganyu pawiri zaka mazana ambiri zapitazo. Pali ajir khass, amene nthawi yake waipereka kwa munthu mmodzi, monga mlonda kapena wantchito wa pakhomo. Palinso ajir mushtarak, amene amalandira ntchito kwa aliyense, monga telala kapena mmisiri wa matabwa. Wachiwiriyu amayenera malipiro akaigwira ntchito imene anagwirizana. Woyambayo amayenera malipiro pongodzipereka, ali wokonzeka, pa nthawi imene anapangana, ngakhale bwana wake asamupatse chochita. Komanso katundu wa bwana akaonongeka m'manja mwa ajir khass popanda kunyozera kapena kupyola malire, iye salipitsidwa, chifukwa amatengedwa ngati wosungitsidwa chinthu mwa chikhulupiriro.

Malamulo amenewa anasonkhanitsidwa mwa dongosolo mu Majalla, buku la malamulo la ufumu wa Ottoman limene linakonzedwa pakati pa 1869 ndi 1876 motsogozedwa ndi Ahmed Cevdet Pasha, potsata madh-hab a Imam Abu Hanifa. Ndime yachitatu ya bukuli imakhazikitsa mfundo yakuti pangano limaweruzidwa potengera cholinga chake ndi zimene likuchitadi, ndipo dzina limene anthu alipatsa silisintha chigamulo chake. Oweruza a ku London anafika pa mfundo yomweyi podzera njira yawoyawo, patapita zaka zoposa 130. Bungwe la za ntchito pa dziko lonse la ILO nalonso linalangiza mayiko mu 2006 kuti pozindikira wantchito azitsogoza zochitika zenizeni.

Chigonjetso cha madalaivala chinali ndi malire ake. Mu March 2021 Uber inalengeza kuti madalaivala ake oposa 70,000 ku Britain azilandira malipiro a mlingo wa boma, ndalama ya tchuthi ndi penshoni, koma inawerengera maola kuyambira pamene dalaivala walandira ulendo, kusiya nthawi yodikira ija. Gulu limene khoti linawaikamo ndi lapakati: lili ndi ufulu wa malipiro ndi tchuthi, koma lilibe chitetezo chonse cha wolembedwa ntchito pa nkhani ya kuchotsedwa mopanda chilungamo. Mu November 2023 Supreme Court yomweyo inagamula kuti operekera chakudya a Deliveroo sali pa ubale wa bwana ndi wantchito, makamaka chifukwa anali ndi ufulu weniweni wotumiza munthu wina m'malo mwawo.

Ku South Africa, kumene ana ambiri a m'mbali mwa nyanja amakasaka ndalama, bungwe loyanjanitsa pa mikangano ya pantchito la CCMA linagamula mu 2017 kuti madalaivala ena amene Uber inawatsekera anali antchito. Mu January 2018 khoti la za ntchito linathetsa chigamulocho, ponena kuti iwo anasumira nthambi ya ku South Africa pamene mapangano awo anali ndi Uber BV ya ku Netherlands. Funso lenileni la ubale wawo ndi kampani ya ku Netherlands linatsala losayankhidwa, ndipo wantchito anatsala wosadziwa khomo loti akagogode.

Kwathu kuno, lamulo la za ntchito la 2000 linaiona nkhaniyi patali. Pofotokoza za wantchito, limaphatikizapo munthu amene moyo wake wa zachuma ukudalira amene akumugwirira ntchito, ndipo ali womangika kumugwirira mofanana ndi wolembedwa ntchito kusiyana ndi wodziimira payekha. Linatchulanso matenanti a m'maesiteti, amene kwa zaka zambiri ankaonedwa ngati alimi ogulitsa fodya wawo kwa mwini munda, chikhalirecho chakudya, mbewu, ngongole ndi mtengo zonse zinali m'manja mwa mwini mundayo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mchitidwe wa utenantiwo.

Mafunso amene anafunsidwa ku London ndi omwewo amene angafunsidwe pa doko lililonse la nsomba ndi pa siteji iliyonse ya kabaza. Akuika mtengo ndani? Angathe kumuletsa mnzake ntchito ndani? Mlovi amene wachezera usiku wonse panyanja, chilimira n'kubwera chopanda kanthu, nthawi yake yagwera ndani? Mnyamata woyendetsa njinga yamoto ya munthu wina akachita ngozi yosakhala ya kunyozera kwake, alipire ndani? Mapangano ogawana phindu Shariya imawadziwa, ndipo ali ndi malamulo awo, koma aliyense ayenera kudziwa kuyambira pachiyambi pangano limene walowamo ndi gawo lake.

Imam Bukhari anasunga hadith imene imatchula magulu atatu a anthu amene Allah mwini adzakhale wotsutsana nawo pa Tsiku la Kiyama, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene analemba waganyu, namugwiritsa ntchito yonse, koma osamupatsa malipiro ake. Mwini boti, mwini njinga ndi mwini sitolo aliyense mwa ife aone bwino ngati dzina limene wamupatsa womugwirira ntchito likugwirizana ndi zimene amamulamula kuchita m'mawa uliwonse.