Mchenga wa ku Chintheche ndi anthu amene anaupondapo ife tisanafike

Tchuthi cha Khirisimasi kapena cha Isitala chikafika, pa WhatsApp pamadzaza zithunzi zofanana: mchenga wa mbee ngati ufa woyera, magalasi akuda, botolo m'manja, nyanja kumbuyo. Pansi pake palembedwa kuti Chintheche kapena Kande. Sindikunyoza ayi, nanenso ndinajambulitsapo zanga. Koma ulendo woyamba ndinabwerako ndikungodziwa mtengo wa nsomba yowotcha ndi pamene netiweki imagwira bwino, basi. Ulendo wachiwiri ndinatuluka mumpanda wa loji n'kuyamba kuyenda pansi, ndipo zimene ndikulembazi zinayambira pamenepo.

Chintheche ili pa msewu wa M5, makilomita pafupifupi 40 kumwera kwa tawuni ya Nkhata Bay. Mukapitirira pang'ono kulowera ku Nkhotakota mufika pa Bandawe, kenako pa Kande. Zochita sizisowa: kusambira, kupalasa bwato mpaka pa kachilumba ka Kande, kusuzumira mbuna pansi pa madzi, kukwera hatchi m'mbali mwa nyanja. Mukachita mwayi muonanso nkhungu zikutuluka pakati pa nyanja ngati utsi wa moto wolusa. Zonsezi akuuzani pa loji paja. Chimene sakuuzani ndi chifukwa chake midzi inadzathinana chonchi m'mphepete mwa madzi.

Chifukwa chake ndi nkhondo. Chapakati pa zaka za m'ma 1800, Angoni a M'mbelwa atakhazikika kumtunda, ankatsikira kunyanja kudzalanda chakudya ndi anthu. David Livingstone atayenda pa nyanjayi ndi boti mu 1861 anapeza midzi yotenthedwa ndi mitembo m'mbali mwa madzi. Atonga ambiri anagwidwa n'kukakulira pakati pa Angoni, anyamata n'kuphunzira kumenya nkhondo ya chingoni. M'zaka za m'ma 1870 anagalukira n'kuthawira kwawo kunyanja. Angoni atawalondola anagonjetsedwa pa Chintheche pomwepa, ndipo dzina lomwe limamveka pa nkhondoyo ndi la mfumu Mankhambira. Ngakhale anapambana, anthu anapitiriza kukhala m'malinga, nyanja kumsana, mabwato ali chire. Ndiye mukagona chagada pa mchengapo, dziwani kuti ena ankagonapo khutu lili kumapiri.

Amishoni a ku Scotland anapeza zinthu zili choncho. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo anawamaliza ndipo otembenuka mtima sankapezeka. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsira likulu ku Bandawe. Mafumu a Atonga anawalandira, ndipo sikuti onse anakopeka ndi ulaliki. Ambiri ankayembekeza kuti azunguwa awathandiza ndi mfuti. Laws anakana kulowa nkhondo, m'malo mwake anayamba kukambirana ndi Angoni. Amene anatsegula njira imeneyo ndi William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, yemwe Angoni ankamumva akamalankhula. Anakakhala pakati pawo ku Njuyu ndipo anamwalira komweko mu 1886. Pa nkhani za amishoni timangotchula azungu, Koyi n'kumuiwala.

Bandawe nayo inali ndi udzudzu wake. Mu 1894 likulu linasamukiranso ku Khondowe, pamwamba pa phiri, komwe lero timati Livingstonia. Koma mpingo ndi sukulu zinatsala. Mukapatuka pa M5 n'kulowera kunyanja cha ku Makuzi, mupeza tchalitchi chakale cha njerwa chomwe chinamangidwa cha m'ma 1900, ndipo chapafupi pali manda a amishoni. Imani muwerenge zaka zolembedwa pa miyalayo. Ena mwa ogona pamenepo anali amsinkhu wathu womwewu, ana ang'onoang'ono aliponso. Ine ndinafikapo masana dzuwa likuswa mtengo, ndili ndekha ndi mbuzi, pamene kugombe, mtunda wosatopetsa n'komwe, anthu anali piringupiringu.

Chimene Atonga anatenga kwa amishoni ndi manja awiri ndi sukulu. Ndipo sukulu ili ndi khalidwe lake: ukamuphunzitsa munthu kuwerenga, sungamusankhirenso chowerenga. Tamuonani Elliot Kamwana. Anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, anasiyana ndi amishoni, napita ku South Africa komwe anakumana ndi Joseph Booth. Mu 1908 anabwerera ndi uthenga wa Watch Tower. Nthawi imeneyo kuti munthu abatizidwe ku mishoni ankadikira zaka, akuphunzira ndi kuyesedwa. Kamwana ankabatiza osachedwetsa munthu, ndipo m'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Ankalalikira kuti dziko latsopano lili pafupi, lopanda msonkho. Boma la atsamunda linaona kuti pamenepa pali moto, ndipo mu 1909 linamugwira n'kumuchotsa m'derali. Anakhala zaka zambiri kunja asanaloledwe kubwerera kwawo mu 1937.

Wina ndi Clements Kadalie, wobadwira m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe cha m'ma 1896. Anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, koma sanakhalitse pa bolodi. Ananyamuka ulendo wa kumwera, nagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town mu 1918. Chaka chotsatira, mu 1919, anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU pakati pa ogwira ntchito padoko. Pofika mu 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo panalibe bungwe lina la anthu akuda ku South Africa lofanana nalo kukula. Anamwalira ku East London mu 1951. Ophunzira mbiri ku South Africa amalidziwa bwino dzina lake. Ife timadutsa pakwawo pa minibasi tikusinza.

Kadalie sanali yekha pa msewu umenewo. Kuyambira m'ma 1880 amuna a kuno ankalembedwa ntchito ndi African Lakes Company, ndipo pambuyo pake anakhamukira ku migodi ndi m'matawuni a ku Rhodesia ndi ku Joni, ambiri n'kukhala makalaliki ndi akapitawo chifukwa cha sukulu ija. Ena ankabwerera ndi masuti, ena anasanduka matchona. Midzi ankaisunga ndi amayi: kulima chinangwa, kuviika, kusinja, kondowole n'kufika pa mphasa. Mbiri yoti Mtonga ndi munthu wotchena inachokera kumeneko. Mukadzaonera malipenga, amuna atavala zoyera, akuguba mwa ulemu ngati asilikali, zipenga za zikho zikulira, mudzaone bwino. Gule ameneyu anatengera perete wa asilikali a atsamunda, anthu a m'mbali mwa nyanja n'kumusandutsa wawo.

Chintheche yomwe ikuoneka ya phee leroyi inali boma, atsamunda asanasamutsire maofesi ku Nkhata Bay. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linakonza zomangapo fakitale yaikulu yogaya mitengo ya paini ya ku Chikangawa kuti izipanga zopangira mapepala. Sinamangidwe. Ndimadzifunsa kuti ikanamangidwa, kodi madzi amene timasambamowa akanakhala otani? Mwina ntchito zikanapezeka, mwina zithunzi zathu zija sizikanakhalako. M'malo mwa fakitale kunabwera alendo: malole odzaza azungu oyenda ulendo wa pamtunda kuchokera ku Nairobi kupita ku Cape Town, oima pa Kande masiku awiri kapena atatu. Mu 2004 chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira pa Chintheche Inn, ndipo pang'onopang'ono achinyamata a ku Lilongwe ndi ku Blantyre tinayamba kuona kuti nyanjayi ndi yathunso.

Amene akufuna kulawa mmene gombeli linalili misewu ya tala isanabwere apite kumpoto, ku Usisya. Msewu wochokera ku Mzuzu umatsika phiri mochititsa nthumanzi, ndipo nthawi ya dzinja umavuta zedi. Njira ina ndi ya pamadzi, pa Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira mu 1951. Ikaima chapatali, maboti ang'onoang'ono amatuta anthu, matumba a usipa, malata ndi njinga. Mukaona chipwirikiti chimenecho mumvetsa kuti kwa anthu a kuno nyanja ndiyo inali msewu waukulu.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti gombe likugulidwa chidutswachidutswa. Mpanda ukamangidwa, njira ya kudooko imatalika, poyanika makoka pamachepa, ndipo mwana wa m'mudzimo amasanduka wogulitsa zibangili pa mchenga umene makolo ake anautchinjiriza ndi mikondo. Malo ogona alendo amabweretsa ntchito, zimenezo sitingakane. Koma ife alendo a m'dziko momwemuno tikamangofika, kusambira, kujambula n'kumapita, tikusiyana pati ndi a m'malole aja?

Ndiye ulendo ukubwerawu patulani m'mawa umodzi. Lawirani kusanatenthe, muyende pansi kapena mukwere kabaza mpaka ku Bandawe wakale. Mukakumana ndi akuluakulu panjira apatseni moni wa kwawo, “Mwe uli?”, ndipo musachite manyazi akakuyankhani zambiri zomwe simukuzimva. Pemphani wa pa mpingo akutsegulireni tchalitchi, ndipo musatuluke chimanjamanja osasiyapo kangachepe. Funsani njira ya ku Chifira. Nkhomaliro mukadyere pa msika, kondowole wa usipa. Kukada mubwerere kugombe mukaone nyali za asodzi zitandandalika pa nyanja ngati tawuni ina. Chithunzi chija mujambulebe, palibe akukuletsani.