Zikwangwani za Malonda m'Njira za Oyenda Pansi: Zimene Lamulo Linena

Cikwangwani ca matabwa kapena citsulo cimene mwini sitolo amaimika panja m'mawa ndi kucilowetsa madzulo cimaoneka cacing'ono, koma malo amene cimaimapo si a mwini sitoloyo. Njira ya oyenda pansi ndi ya anthu onse, ndipo ili m'manja mwa khonsolo.

Malamulo aakulu a dziko la Zambia, monga anakonzedwanso m'caka ca 2016, anaika nchito yoyang'anira zikwangwani ndi kulengeza malonda pamalo a anthu onse m'manja mwa makhonsolo. Lamulo la maboma ang'ono la 2019 ndilo lilongosola kayendetsedwe ka makhonsolowo.

Motero wamalonda afunika kupempha cilolezo ku khonsolo ya dera lake ndi kulipira ndalama zimene khonsoloyo inaika, asanaimike cikwangwani. Mu mzinda wa Lusaka, likulu la khonsolo lili ku Civic Centre, pa mseu wa Independence Avenue. Popeza khonsolo iliyonse ili ndi mitengo yake, cilolezo ca ku Lusaka sicigwira nchito ku Chipata kapena ku Katete.

Colinga cacikulu ndi kuteteza miyoyo. M'miseu yodzaza anthu monga Cairo ndi Cha Cha Cha, cikwangwani cotseka njira cimakankhira ana, osaona ndi oyenda pa njinga za olumala kumene kupita magalimoto.

Cikwangwani copanda cilolezo cingacotsedwe ndi khonsolo, ndipo mwini wake angalipitsidwe.